Posayina Kholo

Cholakwa changa chinali chaching'ono, ndipo tsiku limene ndinachichita anthu anandiyamika kuti ndine munthu waulemu. Unali msonkhano wa makolo wotsegulira chaka, mu Seputembala, pansi pa mitengo ya pasukulu ya mwana wanga Dorcas. Ahedi anayendetsa pepala kuti kholo la mwana aliyense wa Sitandade 8 lilembe dzina ndi nambala ya foni, kuti aphunzitsi akakhala ndi mawu azitiimbira. Pepalalo linafika m'manja mwanga, cholembera ndinachigwira ndithu. Kenako ndinayang'ana pambali panga, pamene anakhala alamu anga a Overton, mlongo wake wa malemu mkazi wanga, n'kuwapatsira zonse ndi manja awiri.

"Lembani ndinu, alamu. Eni mbumba ndinu."

Amayi amene anakhala kumbuyo kwathu ananong'onezana kuti mkamwini weniweni ndi ameneyu. Ndinamva, ndipo ndisaname, zinandikomera.

Mkazi wanga Nambewe anali atamwalira mu Ogasiti. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinakhala pachikamwini m'mudzi mwawo, kufupi ndi Nsaru. Nyumba ndinamanga, mango ndinabzala, maliro a kwawo ndinakumba nawo manda onse. Patangopita milungu iwiri chichitikire msonkhano uja, akuluakulu a kuchikazi anandikhazika pamphasa n'kundisudzula. Musandimve molakwa, palibe amene anandithamangitsa. Anandithokoza mpaka ndinachita manyazi. Anati ndamasuka, ndikhoza kukakwatira kulikonse kumene mtima wanga ungafune, koma mwana atsala, pakuti ndi wa mbumba yawo. Kumasuka kumeneko sindinakupemphe, koma mwambo ndinkaudziwa kuyambira tsiku limene ndinafunsira. Ndinamanga bokosi langa la masipanala ndi pampu pakaliyala, ulendo wa kwathu cha ku Kabudula. Dorcas anaima pafupi ndi nkhokwe, manja kumbuyo, osalira. Kusalira kwakeko kunandipweteka njira yonse.

Ntchito yanga ndi yokonza njinga. Ndili pachikamwini, Lachinayi lililonse, tsiku la msika wa pa Nsaru, ndinkakhala pansi pa mango wina moyang'anana ndi chigayo, kumata machubu ndi kuwongola malimu. Dorcas akaweruka ankayenda mtunda wonsewo kudzandipeza, chifukwa pasukulu pawo pali lamulo loti kope la mayeso a mlungu lizipita kunyumba, kholo lione n'kusayina pansi pa tsamba. Mayi ake sankalemba, ndiye kuyambira Sitandade 5 wosayina ndinali ine. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 4, Chingerezi chimandidutsa pamwamba, koma machongi ofiira ndimawadziwa. Mwanayo ankakhala pachidebe chovundikira n'kundiuza zonse: amene wagwidwa akugona, amene wakana kusesa, phala ngati lapsa kapena linali madzi okhaokha. Ndikapukuta girisi m'manja n'kusayina, ndinkamukweza pakaliyala, nkhani n'kumapitirira mpaka pakhomo. Nambewe ankatiseka kuti timachita miseche kuposa amayi a pamjigo.

Nditasudzulidwa, msika uja ndinausiya. Aliyense amene ankabwera ndi njinga ankayamba ndi "pepani", ndipo "pepani" wachikhumi pa tsiku ankandipsetsa mtima. Za mwana wanga ndinkamva pafoni ya alamu, Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi.

"Ali bwino, alamu. Kusukulu akupita. Panopa wapita kumjigo."

Mwana mmodzi yemweyo, kumjigo Lamulungu lililonse nthawi yomweyo! Tsiku limodzi lokha anamupatsa foni. Anati, "Ndili bwino, Ababa," basi, ndipo ndinkamva kupuma kwa amalume ake pafupi. Ine amene ndinkadziwa ngakhale dzina la mnzake wokhala naye desiki, tsopano ndinatsala ndi mawu awiri amenewo.

Mungafunse kuti bwanji sindinangopita kukamuona. Ofunsa choncho sanakhalepo pachikamwini. Munthu wosudzulidwa akayamba kuonekaoneka m'mudzi, anthu amati akufuna nyumba ija, kapena akufuna kuba mwana. Kupitanso kwa aphunzitsi ndekha kukanakhala kuwadumpha alamu, amene ine mwini ndinawapatsa cholembera pamaso pa anthu. Ndiye ndinapeza njira yanga yamantha. Lachinayi msewu umadzaza ndi njinga za opita kumsika, palibe amene amafunsa munthu kumene akupita. Ndinkanyamuka m'mawa, n'kupatuka ndisanafike pa Nsaru, n'kukaima m'mitengo ya bulugamu imene ili kuseri kwa bwalo la mpira la pasukulupo. Ndinkaima pamenepo kuyambira nthawi yopuma mpaka kuweruka.

Kuchokera m'bulugamu kufika kumakalasi ndi patali. Ana ndi mazana, yunifolomu imodzi, onse ometa chimodzimodzi. Sindinamuzindikire Dorcas ngakhale tsiku limodzi. Ndinkati ndi maso angawa, akukalamba. Ndiye ndinkasankha mtsikana mmodzi wamtali pang'ono, woyenda mofulumira, n'kudziuza kuti ndi ameneyo. Ndinkamuyang'ana akulandira phala, akuseka ndi anzake, ndipo ndinkabwerera kwathu mtima uli m'malo pang'ono. Milungu isanu ndi umodzi ndinakhala ndikuyang'anira mwana wa eni ake.

Lachinayi lachisanu ndi chiwiri, mu Novembala dzuwa likuswa mtengo, ndinamva masamba ouma akuphwanyika kumbuyo kwanga. Kucheuka, amayi atatu. Awiri anali ophika phala, mithiko yawo yaikulu ija ili m'manja. Wapakati anali wamfupi, wovala magalasi, choko chili mbuu pasiketi.

"Bambo, musathawe. Ndine Mayi Chimphepo, mphunzitsi wa Sitandade 8. Ana andiuza kuti Lachinayi lililonse mumabisala muno. Mukufuna mwana wa yani?"

Ine, tate wa munthu, kufunsidwa ngati fisi wa pakhola!

"Ndikufuna wanga, amadamu. Ndine Evaristo Kanyenda, bambo ake a Dorcas Kanyenda."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Dorcas ndi wamasiye. Amasungidwa ndi amalume ake."

"Wamasiye wa mayi! Ine ndafa liti?"

Mmodzi wa ophika phala aja anatsitsa mthiko n'kuyandikira. "Iii, zoonadi amadamu, awa ndi amuna awo a malemu Nambewe. Koma mwaondatu, bambo."

Amadamu sanapepese, ndipo pambuyo pake ndinawalemekeza chifukwa cha chimenecho. Anangoti, "Tiyeni ku ofesi. Ndakhala ndikufuna munthu ngati inu kwa miyezi iwiri."

Mu ofesi anatsegula kaundula wa kalasi n'kuika chala pa dzina la mwana wanga. Sindinafunike Chingerezi kuti ndione. Lolemba alipo, Lachiwiri alipo, Lachitatu alipo, Lachisanu alipo. Lachinayi palibe, ndipo mlungu wotsatira chimodzimodzi, mpaka pansi.

"Kunyumba amanyamuka atavala yunifolomu, kuno safika," anatero amadamu. "Anthu amamuona kumsika. Mwanayu ndi wanzeru, bambo, ali m'gulu la ana asanu amene ndikuwadalira pa mayeso. Koma kope lake la mayeso a mlungu silinasayinidwepo kwa milungu khumi tsopano. Lachisanu lililonse ndimamupatsa chilango chokolopa m'kalasi, amakolopa osanena kanthu, mlungu wotsatira kope libwera chomwecho."

"Nanga bwanji simunandiuze?" ndinakalipa. "Mwana akuonongeka inu muli pheee?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala lopindika m'makona, n'kuliika patsogolo panga. Ndinalizindikira.

"Ndikanakuuzani pa nambala iti? Ndaimba kanayi pa imene yalembedwa apayi."

Mkwiyo wonse uja unasowa kolowera, unangobwerera kwa mwini wake.

Amadamu anapitiriza ndi mawu otsika. Alamu anali atabwera Lolemba la mlungu womwewo. Alamuwo anati mtsikana wothawa sukulu tsiku la msika ali ndi mwamuna kumeneko, palibenso china. Anamufunsa kunyumba, anamukwapula, mwana osatsegula pakamwa. Ndiye anagamula kuti asanawatengere mimba pakhomo, Loweruka amukweza minibasi kupita ku Lilongwe, akagwire ntchito ya m'nyumba kwa mbale wa akazi awo. Sukulu yathera pomwepo.

"Loweruka lake liti?"

"Mkuja, bambo. Ndipo ndikuuzeni zoona, nditamva za munthu wa m'bulugamu ndinkati mwamunayo ndinu."

Ndikufuna ndinene bwino zimene zinali mumtima mwanga ndikupalasa njinga kupita kumsika, chifukwa n'zimene zimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinakhulupirira. Mwana amene ndinamudziwa kuyambira ali m'chikuta, ndinamuweruza pa mawu a anthu ngati wina aliyense. Ndinkaganiza za anyamata a kabaza aja ovala majekete pa dzuwa, ndipo ndinkaganizanso za sipanala yaikulu imene inali m'bokosi langa.

Msika unali utagundika. Ndinatsika njinga patali n'kuyamba kufufuza kumene kumaima akabaza, kumene amaonetsa mafilimu, kwa ogulitsa chipisi. Kulibe. Ndinatsala pang'ono kubwerera pamene miyendo inanditengera yokha kumalo anga akale. Pansi pa mango paja panali munthu wina wachilendo, akumata chubu mosasamala, guluu mbwee. Ndinayang'ana tsidya la msewu, ndipo choyamba kuchizindikira chinali chitenje. Chinali cha Nambewe, chamaluwa achikasu, chimene ndinamugulira chaka chimene fodya anatiyanja. Mwana wanga anachifunda kuyambira kumutu kubisa yunifolomu, atakhala pa njerwa pakhoma la chigayo.

Sindinapite msanga. Ndinabisala kuseri kwa ngolo ya chimanga, ine katswiri wobisala, kudikira kuti mwamunayo afike ndimuone nkhope. Panadutsa anyamata, Dorcas osawayang'ana. Wina anamuimbira likhweru, iye anangokoka chitenje. Kenako kumtunda kunatulukira njinga, mbali yochokera ku Kabudula, yokhala ndi bokosi pakaliyala. Mwanayo anadzuka msangamsanga, khosi kutalika. Njinga itayandikira n'kuona kuti ndi munthu wogulitsa nsomba zouma, anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Patapita kanthawi inabwera ina yabokosi, anadzukanso.

Mwamuna amene ankamudikira uja ndinali ine.

Ndinakankha njinga yanga kuwoloka msewu. Anandiona ndili pakati. Sanathamange, sanakuwe. Anaima, chitenje n'kutsetsereka kumutu, ndipo ndinaona kuti watalika, masaya alowa. Sanafanane n'komwe ndi mtsikana uja ndinkamuyang'anira ku bulugamu.

"Ababa, mwachedwa."

"Mayi wanga, ukutani kuno nthawi ya sukulu?"

"Lero ndi Lachinayi." Ananena ngati ndafunsa chopusa. "Ndikaweruka amandifuna kunyumba msanga, kothirira nazale. Ndiye ndimabwera m'mawa."

"Milungu yonseyi?"

"Ndimati mwina munadwala. Ndimati mlungu wamawa mubwera."

Anapisa dzanja m'kati mwa yunifolomu n'kutulutsa kope, lofunda ndi thupi lake, lopindika pakati.

"Bwanji sunawapatse amalume ako asayine? Ukukolopa kalasi mlungu uliwonse chifukwa cha chimenechi?"

"Pamenepo ndi panu, Ababa."

"Nanga pamene ankakumenya, bwanji sunanene kuti umadikira ine?"

Apa mpamene anagwetsa nkhope. "Akazi awo a amalume anati ndikamakulondolani mudzalephera kupeza banja lina. Ndipo ndikananena, akanati inu ndi amene mukundinyengerera. Akanakuitanirani mlandu."

Mwana wa zaka khumi ndi zinayi anasenza zikoti kuti ateteze ulemu wa bambo ake, ulemu womwewo umene unandibisa m'mitengo ngati mbava. Ndinalira pamsika, pamaso pa anthu odikira ufa wawo, ndipo amene anayang'ana ndi zawo. Ndinamuuza kumene ndinkakhala Lachinayi lililonse.

"Ku bulugamu? Ana a m'kalasi amati kumabisala munthu wamisala."

"Sananame kwenikweni," ndinatero. Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso, kuseka kwa mayi ake.

Bokosi la masipanala ndinalisungitsa kwa mwini chigayo, mwana ndinamukweza pakaliyala. Tisananyamuke ndinaimba foni.

"Alamu, ndine Evaristo. Ndili ndi Dorcas. Ndikupempha tikumane kusukulu tsopano lino."

"Kusukulu? Alamu, nkhani za mwanayu timakambira pakhomo."

"Lero tikakambira kusukulu."

M'zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinali ndisanawayankhepo choncho.

Alamu anatipeza mu ofesi, matope a kudimba ali m'miyendo, nkhope ili gwaa. A Overton si munthu woipa, ndipo sindilola wina aliyense awanene choncho. Mwana wawo woyamba anatenga mimba ali Sitandade 7, mwamuna wake wa pamsika womwewo, ndipo bala limenelo silinapole. Amadamu anafotokoza zonse mwadongosolo, kuyambira kaundula mpaka bulugamu. Ine ndinanena za njerwa ya pachigayo ndi njinga zamabokosi. Alamu anatembenukira kwa mwana.

"Iwe Dorcas, n'zoona?"

"Ee, amalume."

Anakhala pansi pabenchi ngati munthu wotula thumba la feteleza. Anavula chipewa n'kumachipinda m'manja.

"Ine ndimati ndikuteteza mwana wa mlongo wanga," anatero, osayang'ana munthu. "Ndinamumenya ndi dzanja ili. Nambewe akanandiona..."

Kunena zoona mtima wanga unkafuna kuwalasa ndi mawu, ndipo mawuwo ndinali nawo okonzeka. Koma ndinakumbukira sipanala ija ndi zimene ndinkaganiza pa njira, ndiye ndinawameza.

"Alamu," ndinatero, "mbumba ndi yanu, sindikulanda. Nyumba sindikuifuna. Mwana agone kwanu, adye kwanu, tsiku la ukwati wake mudzayankhule ndinu. Koma ku Lilongwe Loweruka sapita, ndipo Lachinayi ndi langa. Akaweruka azindipeza pano pageti, masana, anthu onse akuona. Amadamu akakhala ndi mawu, aziimba kuwiri."

Kunja ana a kalasi ina ankayankha mphunzitsi wawo onse pamodzi. Alamu anapukusa chipewa chija kangapo.

"Kumudzi adzati ndalephera kusunga mwana."

"Akanena choncho muwatumize kwa ine," anatero amadamu. "Ndili ndi ana makumi asanu ndi anayi m'kalasi muja, ndipo ambiri nambala imodzi yomwe alibe. Uyu akhala ndi ziwiri, n'chiyani chochititsa manyazi?"

Anatenga pepala lija n'kufunsa nambala yanga. Mzere wa Dorcas unali wodzaza kale, ndiye anailemba chopingasa m'mphepete. Kenako anatenga kope m'manja mwa mwana, n'kulitsegula patebulo pakati pa ife awiri, cholembera pamwamba pake. Sananene kuti asayine ndani. Chinali pafupi ndi alamu, ndipo anachitola ndi iwo. Anachiyang'ana, anayang'ana mwana wa mlongo wawo, kenako anaimirira n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Minibasi ija ndikaiuza kuti isadikire," anatero, n'kutuluka.

Amadamu anatilola kukakhala pakhonde. Masamba osasayinidwa analipo khumi. Ndinayambira loyamba, la mlungu umene ndinachoka. Machongi anali awiri okha tsamba lonse, ndipo funso lomaliza analisiyira pakati. Ndinaliyang'ana tsamba limenelo nthawi yaitali. Pa lachitatu machongi anayamba kuchuluka, pa lachisanu ndi chiwiri tsamba lonse linali lofiira. Pansi pa lililonse panali mpata woyera, wosungidwa bwino, wopanda ngakhale kadontho.

Dzina langa ndimalemba movutika, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili panja. Nditamaliza tsamba loyamba ndinafunsa osadzutsa mutu, monga ndinkachitira pansi pa mango.

"Tandiuza za kusukulu."

"Za lero sindikuzidziwa, Ababa. Kunalibe ine."

"Si za lero. Yambira tsiku limene ndinachoka."

Anakokera chitenje cha mayi ake pamiyendo n'kupuma kwambiri.

"Tsiku limenelo phala sindinalandire," anayamba. "Ndinakhala m'kalasi ndekha."

Belu lolowera linalira ndili pa tsamba lachinayi, iye ali pa mlungu woyamba womwewo. Amadamu anasuzumira pakhomo, anatiyang'ana, n'kubwerera m'kalasi osamuitana.